Ride ikusokosa koma siikumveka: yambani ndi izi musanagule ina

Pali dandaulo limene oimba ng'oma amakumana nalo mobwerezabwereza, kaya kutchalitchi, paukwati kapena mu situdiyo. Wotsogolera nyimbo amatembenuka n'kukukodolani kuti mutsitse, akuti ride, cymbal (mbale yachitsulo) yaikulu ija imene mumaimenya mosalekeza posunga nthawi ya nyimbo, ikuphimba mawu a oimba. Mukamaliza, woimba besi n'kubwera kudzakuuzani kuti iye samakumvani n'komwe, amangoyenda mongoganizira. Onse awiri akunena zoona.

Ride imatulutsa mawu awiri nthawi imodzi. Pali ka "ting" kakafupi kamene kamamveka nsonga ya sitiki ikangokhudza chitsulo, ndiye pali mkokomo uja wa "shhh" umene umafalikira pambuyo pake n'kumachulukirachulukira mukamapitiriza kumenya. Ka "ting" ndi kamene kamasunga nthawi ya nyimbo. Kuyambira cha m'ma 1940, pamene Kenny Clarke, akuimba jazz ku kalabu ya Minton's Playhouse ku Harlem, mu mzinda wa New York, anachotsa ntchito yosunga nthawi pa bass drum (ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi) n'kuiika pa ride, magulu oimba amatsamira pa kamawu kameneka. Mkokomo ukakameza, anthu amangomva phokoso lopanda chowatsogolera. Mkokomo ukasowanso, ride imalira mouma ngati mukugogoda khasu. Choncho posankha ride, chimene mukufunafuna kwenikweni ndi muyezo wa mawu awiriwa woyenerana ndi malo amene mumaimbira.

Ambiri akamva dandauloli amathamangira kunena kuti cymbal ndi yotchipa, pakufunika ina. Nthawi zina amakhala akulondola. Koma ride yabwino imadula, ndipo kawirikawiri vuto limakhala pa sitandi, pa sitiki kapena m'chipinda momwemo. Kukonza zimenezi sikulira ndalama zambiri, ndiye tiyambire pamenepo.

Ikulira mobanika, kapena pali kanthu kakunthunthumira

Ichotseni pa sitandi. Lowetsani chala pabowo lapakati kuchokera kunsi, inyamuleni m'mwamba, muimenye pang'ono ndi sitiki. Ikalira momasuka, mawu ake n'kumatha pang'onopang'ono popanda zina zosokoneza, ndiye kuti cymbal ilibe mlandu.

Yang'anani nati yapamwamba ija. Kumene ng'oma zimaimbidwa ndi anthu angapo, sipalephera kukhala wina amene amaimanga kwambiri poopa kuti cymbal ingagwe. Siingagwe ayi. Ride imafunika izigwedezeka mukaikankha ndi dzanja. Ikapanikizidwa pakati pa mafelt awiri, tinsalu tochindikala tija timene timakhala pansi ndi pamwamba pake, belu (chotukuka chapakati pa cymbal) imafa, mkokomo umaduka msanga, ndipo chitsulo chimatha kung'aluka mozungulira bowo chifukwa mphamvu ya kumenyako imasowa kolowera. Masulani mpaka izitha kuwerama mbali zonse. Oimba jazz ambiri saika n'komwe felt yapamwamba.

Kenako onani kapulasitiki kamene kamavala nsonga ya sitandi, pamene cymbal imakhala. Kakatha kapena kakasowa, chitsulo cha cymbal chimakhulana ndi mazinga a sitandi. Mudzamva kanthu kakuti "zzz" nthawi iliyonse imene mwamenya, ndipo pakapita miyezi bowo lija limadyeka mbali imodzi n'kusiya kukhala lozungulira. Likadyeka silibwereranso. Ngati kapulasitiki kenikeniko simukukapeza, dulani kapaipi kofewa ka pulasitiki, kaja kamagulitsidwa m'mahadiweya, mukavalike pamenepo. Mafelt akasowa ndaonapo anthu akudula mphira wa patapata n'kuika kunsi. Zimathandiza pangozi, koma mphira umabanika mawu kuposa felt, ndiye udulidwe waung'ono kwambiri, usafike pa belu yonse.

Phokoso lina limachokera kutali ndi ride: mwendo wa sitandi umene wakhudza floor tom (ng'oma yoima pansi ndi miyendo yake), bawuti yomasuka, kapena waya wa kunsi kwa ng'oma ya snare umene umanthunthumira chilichonse chikalira. Wina azimenya ride, inu muzigwira zinthuzi chimodzichimodzi mpaka phokosolo litasiya.

Kapendekedwe kakenso kali ndi ntchito. Ride yoimikidwa m'mwamba kwambiri komanso yogona imachititsa kuti phewa la sitiki, pamene imayamba kuonda kulowera kunsonga, lizigunda m'mphepete, ndiye mumakhala mukuimenya ngati crash (cymbal yogunda mwamphamvu m'mphepete) osadziwa. Itsitseni, ipendekere pang'ono kwa inu, kuti nsonga yokha ndiyo izifika pachitsulo.

Ka "ting" kasowa

Tembenuzani sitiki yanu muone nsonga yake. Nsonga yamtengo ikabenthuka kapena ikanyeka n'kufewa, ride iliyonse, ngakhale yodula bwanji, imalira mofooka. Pa ng'oma zinazo simungazindikire msanga, koma pa ride zimadziwika pompo. Anthu ambiri amaimba ndi masitiki otha chifukwa sanathyoke, ndiye amati akadali abwino.

Mtundu wa nsonga umasintha mawu kuposa mmene ambiri amaganizira. Nsonga ya nayiloni, imene Joe Calato wa Regal Tip anayambitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, imatulutsa "ting" yowala komanso yakuthwa, ndipo siibenthuka ngati yamtengo. Nsonga yaing'ono yobulungira imakhudza malo ochepa, choncho mawu amatuluka olunjika. Nsonga yaitali yooneka ngati dontho la madzi imakhudza malo aakulu n'kudzutsa mkokomo wambiri. Kukula kwa sitiki nakonso: 7A ndi yopepuka, 5A ndi yapakati, 5B ndi yolemererapo. Sitiki yolemera pa ride yopyapyala imaigwedeza mopitirira muyezo, mkokomo n'kusefukira. Musanaweruze ride yanu, bwerekani masitiki a mitundu iwiri kapena itatu kwa anzanu muyesere.

Ndiye pali dzanja. Ili ndi gawo limene oimba ng'oma sakonda kuuzidwa. Mukaifinya sitiki n'kumaikankhira m'chitsulo, ka "ting" kamafa, phokoso n'kukula. Igwireni momasuka kuti ikagunda izibwerera yokha. Sunthaninso malo omenya: pafupi ndi belu mawu amakhala ouma ndi omveka bwino, kufupi ndi m'mphepete mkokomo umachuluka. Kungosuntha dzanja masentimita 3 kapena 4 kulowera ku belu kumatha kuthetsa mkangano wonse ndi wotsogolera nyimbo.

Pampando ikumveka bwino, kwa anthu ikuvuta

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Woimba ng'oma amakhala pamwamba pa cymbal, pomwe anthu amaimvera chapatali, itasakanikirana ndi kiyibodi, magitala ndi mawu a oimba. Ride imene pampando ikuoneka ngati yakuthwa kwambiri, kumbuyo kwa holo imatha kumveka mwaulemu ndithu. Ina yakuya, yokoma m'makutu mwanu, ikafika pa mzere wachitatu wa mipando imakhala itasungunuka, kwatsala "shhh" yekha. Ndiye musaiweruze muli pampando. Mupatseni mnzanu masitiki, gulu lonse liyambe nyimbo, inu mupite mukaime pakati, kenako kumbuyo kwenikweni.

Nyumba zambiri zimene timaimbiramo ndi zamalata, makoma a simenti, pansi pa simenti, mawindo agalasi. Zonsezi zimabweza mawu akuthwa, ndipo cymbal ndiyo imatulutsa mawu akuthwa ochuluka kuposa chida china chilichonse pagulu. Ride imene inalira bwino panja pa tenti yapaukwati, ikalowa m'tchalitchi chotere imakokoma osapuma. Kapeti pansi pa ng'oma ndi katani yochindikala kumbuyo kwa woimba zimachepetsako. Ngati ng'oma zili pangodya ya nyumba, zichotsenipo, chifukwa makoma awiri aja amaponyera phokoso lonse kwa anthu.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi mamaiki a oimba. Oimba akaima kutsogolo kwa ng'oma, maiki iliyonse imaloza kukamwa kwa mwini wake, ndipo kuseri kwa mutu wake kuli inu ndi ma cymbal anu. Ride imalowa m'mamaiki onsewo n'kukatulukira m'masipika, wapamikisa akamakweza mawu a oimba amakhala akukwezanso ride osadziwa. Yesani motere: muzimenya ride, wapamikisa azitseka mamaiki a oimba imodziimodzi. Phokoso la m'masipika likatsika, mwapeza gwero. Sunthirani ng'oma kumbali, oimba aziyandikitsa maiki kukamwa, ndipo m'chipinda chaching'ono maiki yapamwamba pa ma cymbal muichotse, palibe chimene ikuthandiza.

Zonsezi mwachita, vuto likadalipo

Tsopano tikhoza kuikayikira cymbal. Funso loyamba si lakuti inapangidwa ndi kampani iti, koma ikulemera bwanji. Pa ma ride awiri ofanana kukula, yolemera imalira mokwera, ka "ting" kake n'kolimba, ndipo imafuna mphamvu kuti ikokome. Yopepuka imalira motsika, imayankha ngakhale mwaikhudza pang'ono, koma mukailimbikira mkokomo umameza sitiki. Malire ake si okhazikika, koma ride ya mainchesi 20 yosafika magalamu 2000 ndi yopepuka, ya pakati pa 2200 ndi 2500 ndi yapakati, yopitirira 2700 ndi yolemera. Ya mainchesi 22 ikakhala cha m'ma 2300 ndi yopepuka, ikadutsa 3200 ndi yolemera. Makampani ambiri a ku Turkey amalemba kulemeraku ndi cholembera kunsi kwa belu. Ngati sipanalembedwe, sikelo ya kukhitchini kapena ya pagolosale ikwanira.

Kukula kumatsitsa mawu ndi kuwatalikitsa. Ya mainchesi 22, imene ndi masentimita pafupifupi 56, imalira mozama komanso nthawi yaitali kuposa ya 20. Belu yaikulu imawonjezera phokoso ndi mkokomo, yaing'ono imauchepetsa. Palinso flat ride, yopanda belu n'komwe, imene Paiste inatulutsa m'zaka za m'ma 1960 ndipo Roy Haynes anaitchukitsa mu jazz. M'chipinda chaching'ono chobweza mawu, flat ride ndi mankhwala enieni: sitiki imamveka mbee, mkokomo sukwera. Kungoti ngati nyimbo zanu ndi zija zothamanga zimene kolasi ikafika mumafuna kukwera pa belu, mudzaisowa beluyo.

Kenako chitsulo chake. Ma cymbal amene amabwera limodzi ndi ng'oma zotchipa nthawi zambiri ndi a brass, kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo amaoneka achikasu. Mawu ake amatha msanga, sakhala ndi kuya, chitsulocho chimapindikanso mosavuta. Ngati ride yanu ndi imeneyi, palibe sitiki kapena tepi imene ingaisandutse china. Pamwamba pake pali B8, imene ndi magawo 92 a kopa ndi 8 a tini pa 100 alionse, yooneka mofiirira, yolira mowala ndi molunjika. Ndiye pali B20, magawo 80 a kopa ndi 20 a tini, imene imatulutsa mawu ambiri osakanikirana. Zildjian A ndi K, Sabian AA ndi HH, Meinl Byzance ndi ma cymbal osulidwa pamanja a Istanbul Agop ndi a B20.

Anthu amakonda kunena kuti B8 ndi ya ophunzira. Sindivomereza. Paiste 2002, imene inatuluka mu 1971 ndipo John Bonham wa Led Zeppelin ankaimba, ndi ya B8, ndipo pagulu la magitala aphokoso imaboola bwino kuposa ma B20 ambiri. Dzina la kampani nalonso lisakupusitseni. Makampani akuluakulu onse amapanga zapamwamba ndi zotchipa zomwe: Sabian SBR, Meinl HCS ndi Paiste 101 ndi za brass ngakhale zili ndi mayina odziwika. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Sabian" n'kulekera pomwepo, mufunseni kuti Sabian yake iti.

Pomaliza yang'anani nkhope yake. Timizere tozungulira topalidwa pachitsulocho timathandiza cymbal kutseguka ndi kukokoma. Ride yopanda timizere, yakuda ngati yosamalizidwa, imalira mouma, sitiki ili patsogolo. Yokhala ndi zipsera zambiri zakuya za nyundo imalira mwakuya, mawu ake ali osakanikirana.

Mukandifunsa ine za gulu limene lili ndi ndalama ya ride imodzi yokha, yoti igwire nyimbo zodekha, zothamanga, reggae ndi zapaukwati zomwe, ndinganene ya mainchesi 20, yolemera pakatikati, ya belu yomveka. Siidzakusangalatsani ngati ride yopyapyala ya mainchesi 22 imene munamva pa vidiyo ya jazz, koma ija ndi ya gulu la anthu atatu kapena anayi oimba motsitsa. Pakati pa makiyibodi awiri ndi kwaya yathunthu imamira.

Kuyerekeza osadzinamiza

Khutu limaiwala msanga. Ride imene munamva dzulo simungaiyerekeze ndi imene mukumva lero. Zikhale pamodzi, ziwiri kapena zitatu basi, chifukwa zikachuluka zonse zimayamba kumveka chimodzimodzi. Gwiritsani sitiki yanu, imodzi yomweyo, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha cymbal, sitiki ndi chipinda nthawi imodzi, simudziwa chimene chabweretsa kusiyanako.

Musangoimenya kamodzi n'kumamvetsera mmene ikuthera. Umo si mmene imaimbidwira. Imbani kayendedwe kenikeni ka nyimbo kwa theka la mphindi osaleka, poyamba motsitsa, kenako mwamphamvu ngati pa kolasi yomaliza, mumve ngati ka "ting" kakupulumuka mkokomo ukadzaza. Kwerani pa belu ndi phewa la sitiki, mubwererenso, muone ngati mawu awiriwa akumveka ngati a cymbal imodzi. Igundeni m'mphepete kamodzi n'kupitiriza kuimba: ride yabwino imatseguka kenako n'kubwerera msanga pansi pa sitiki. Mukasiya, tcherani khutu kumapeto. Ma ride ena amatsala ndi kamawu kamodzi kolira ngati belu la sukulu, kamene kamakalimbana ndi makiyi a nyimbo zina. Kakakusowetsani mtendere tsiku loyamba, dziwani kuti sikadzachoka.

Ngati n'kotheka tengani hi-hat (ma cymbal awiri ovundikirana, otsekedwa ndi phazi) ndi crash zanu. Ride ikhoza kukoma payokha koma n'kumalira pafupi kwambiri ndi crash yanu, moti womvera sasiyanitsa. Ndipo pemphani wina aziimenya inu mutatembenuka, osaona dzina. Maso amakonda zodula.

Ma cymbal a B20, makamaka osulidwa pamanja, safanana ngakhale atakhala a dzina limodzi ndi kukula kumodzi. Awiri otuluka m'fakitale imodzi amatha kusiyana magalamu 100 kapena kuposa, mawu n'kusiyananso. Mukaikonda imene mwayesa, tengani yomweyo, osati ina ya m'katoni. A B8 ndi ena odulidwa kuchokera pa chitsulo chophwatalala amakonda kufanana, choncho ndi osavuta kugula osawamva.

Izi n'zofunika chifukwa ambiri a ife timagula chapatali, kudzera mwa m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku UK. Vidiyo ya pa YouTube imajambulidwa ndi mamaiki abwino m'chipinda chokonzedwa, ndipo sipika ya foni imataya mawu onse apansi. Mverani pa mahedifoni, ndipo khulupirirani kwambiri mavidiyo amene akuyerekeza ma ride angapo pamalo amodzi kuposa a ride imodzi yokha. M'bale wanuyo akufunsireni kulemera kwake m'magalamu, ajambulenso kavidiyo ataima mamita atatu kuchokera pa cymbal, wina akuimba. Foni ikayandikira kwambiri mawu amaphwanyika, simumva kanthu.

Yogwiritsidwa kale ntchito

Cymbal siikalamba ngati chikopa cha ng'oma, ndiye yakale yosamalidwa bwino ndi njira yabwino yopezera B20 pa mtengo wotsika. Yendetsani chikhadabo m'mphepete monse, pang'onopang'ono. Chikakodwa penapake, yang'anitsitsani pa kuwala. Onani bowo lapakati ngati lili lozungulira ndiponso ngati palibe timing'alu tochokera pamenepo. Ming'alu yovuta kuiona ndi ija yotsata timizere, makamaka pamene belu imakumana ndi thupi la cymbal. Iikeni pachala muimenye, ndipo mukamva kunthunthumira pomwe palibe sitandi, ilekeni. Dzina lolembedwa ndi inki limafufutika ndi zaka, zimenezo si vuto. Chofunika ndi chidindo chokhomedwa kapena chojambulidwa m'chitsulo mwenimwenimo.

Ngati yanu yayamba kale kung'aluka m'mphepete, musaipereke kwa owotcherera. Moto umasintha kulimba kwa chitsulocho ndipo mawu amawonongeka. Chimene chimachitika n'kuboola kabowo kakang'ono kumapeto kwenikweni kwa mng'alu kuti usapitirire, kapena kudula kachigawo kong'alukako mozungulira bwino n'kusalaza. Mawu amafupika pang'ono, koma cymbal imagwirabe ntchito.

Ndalama palibe, Lamlungu layandikira

Ride yokokoma kwambiri imamvera tepi. Dulani kachidutswa ka tepi yansalu kotalika ngati chala, mumate kunsi kwa cymbal, pakatikati pa belu ndi m'mphepete, muyesere. Kusunthira kunja kumadula mkokomo wambiri, kusunthira ku belu kumadula wochepa. Yambani ndi kamodzi. Ndaonapo ma ride omatidwa tepi mbali zonse mpaka osadziwika kuti ndi cymbal, eni ake n'kumadabwa kuti yafa bwanji. Pewani tepi imene imasiya ulimbo wouma. Timphira tofewa tomata pa ng'oma, ngati Moongel, timagwiranso ntchito yomweyi ndipo timachoka mosavuta.

Ride youma kwambiri, imene pa nyimbo zodekha imasiya mipata yoonekera, ikolekeni katcheni kopepuka ka timipira tachitsulo kuchokera pa nati, kagone pa cymbal. Kamawonjezera "sss" wautali wofanana ndi wa ma rivet (timisomali tomasuka timene ena amalowetsa m'mabowo oboola pa cymbal), koma osaboola chilichonse, ndipo nyimbo yothamanga ikayamba mumangokachotsa.

Za kutsuka, ganizani kaye. Litsiro ndi kuda kumene kumabwera ndi zaka kumadzaza timizere tija n'kuchepetsa mawu akuthwa, n'chifukwa chake oimba ena satsuka ride zawo n'komwe. Ngati yanu ikusokosa, isiyeni yakuda. Ngati yafooka ndipo mukufuna iwalenso mawu, itsukeni ndi madzi ofunda, sopo wochepa ndi kansalu kofewa, motsata timizere, muipukute iume msanga. Sitiliwulo, mchenga ndi phulusa ayi: zimapala chitsulo ndi kufufuta dzina, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa kuti muwonjezere pa ina, wogula adzayamba ndi kufunsa dzinalo.